Voti Si Mtedza wa pa Kamwendo

Anzanga a pa koleji pano, timakangana za Pulezidenti mpaka tiyi kuzizira, koma dzina la khansala wa kumudzi kwathu sitilidziŵa. Ine ndikuti amenewo ndi manyazi.

Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala. Zaka 9 zathunthu! Kwathu ku Mchinji, mayi wogulitsa mtedza pa Kamwendo kapena pa Mkanda ankadulabe tikiti ya msika, koma analibe munthu womusankha yekha woti akamufunse kumene ndalamayo yaloŵera. Mu 2010 aphungu anasintha lamulo nadzipatsa mphamvu yoponya voti m'makhonsolo, ngati kuti ya ku Nyumba ya Malamulo inawachepera.

Inde, lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugaŵa ndalama pofuna mavoti. Nanga lamulo lili ndi miyendo? Opita kumsonkhano ndife. Tchuthi chikubwerachi titenge amalume ndi azakhali, tikakhale pansi pamaso pa khansala, tikafunse: za msika zaloŵa zingati, nanga mjigo munalonjeza uja uli kuti? Akangoti kakasi, kaya ndi wa chipani chathu, kaya ndi mlamu wathu, voti yathu asadzaionenso.