NZERU ZA MAKONO: Makina Akafa, Dzina Lanu Lipita Kuti?

Sabata latha ndinali kwa Mfumu Yaikulu Kambombo m'boma la Chama. Pa msika ndinakumana ndi mkulu wina wolima mpunga, amene ananyamuka m'bandakuca kudzatenga ndalama zimene mwana wake anatumiza pa foni kucokera ku Migodi. Mnyamata wa m'kanyumba kolandirira ndalama anawauza kuti, "Pepani agogo, sisitemu yagwa, mubwere mawa." Mkuluyo atamva kuti ndine mtolankhani anandifunsa nati, "Mwana wanga, cinthu cimene cimagwaci ciri kuti? Nanga cikagwa osadzukanso, ndalama zanga ndi dzina langa zidzapita kuti?" Funso limeneli ndi lanzeru, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri a inu owerenga muli nalo mumtima. Lero tiyese kuliyankha.

Kale maina athu anali kulembedwa m'mabuku aakulu pa boma. Lero zinthu zasintha. Kuyambira mu 2017 maina a alimi olandira fataleza ndi mbewu za FISP alembedwa m'kaundula wa pa kompyuta wochedwa ZIAMIS. M'zipatala zambiri mbiri ya wodwala isungidwa mu SmartCare. Ndalama za pa foni nazonso ndi ciwerengero colembedwa m'makina. Zolembedwa zotere zikhala m'makompyuta amphamvu ochedwa maseva, amene agwira nchito usana ndi usiku kutumikira makompyuta ena ndi mafoni. Maseva akhala m'nyumba zozizira ndi zolonderedwa bwino. Mu 2017 Boma linalandira nyumba yace yaikulu yotere ku Lusaka, yomangidwa ndi kampani ya Huawei, ndipo pambuyo pace nchito yoiyang'anira inapatsidwa ku kampani ya Boma ya Infratel. Mabanki ndi makampani a mafoni nawonso ali ndi maseva ao. Motero pamene wogulitsa fataleza ku Chama afunsa foni yace ngati dzina lanu lilipo, funsolo lingathe kuyenda makilomita oposa 800 ndi kubwerako m'kamphindi.

Koma seva ndi makina, ndipo makina amafa. Kodi akatswiri acita ciani kuti imfa ya seva imodzi isaimitse dziko lonse? Pali nzeru zitatu.

Nzeru yoyamba aicha virtualization. Kale nchito iri yonse inali ndi seva yace: ya malipiro payokha, ya maina payokha. Zimenezi zinali kuononga ndalama ndi magetsi, pakuti maseva ambiri anali kukhala cabe nthawi yaikulu. Tsopano aika pulogramu yapadera imene igawa seva imodzi m'zigawo zambiri, ndipo cigawo ciri conse cigwira nchito monga kompyuta yathunthu payokha. Ganizani za nyumba imodzi ya pa boma, denga limodzi, koma mkati muli ofesi ya zaulimi, ya zaumoyo ndi ya maphunziro, iri yonse ndi citseko cace. Nzeru imeneyi si ya dzulo ai. Kampani ya IBM ya ku America inaiyamba m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1972 inatulutsa pulogramu yace ya VM/370. Kampani ya VMware, imene inayamba mu 1998, ndiyo inaifalitsa pa maseva wamba, ndipo Microsoft inatulutsa yace yochedwa Hyper-V mu 2008. Cacikulu cimene tiyenera kugwira ndi ici: cigawo cotere sicinamangiriridwe ku citsulo cimodzi. Cingathe kunyamulidwa ndi kuikidwa m'seva ina.

Komabe apa pali ngozi. Ngati maofesi khumi ali pansi pa denga limodzi, dengalo likagwa onse khumi atsekedwa tsiku limodzi. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Ndiye cifukwa cace pali nzeru yaciwiri, yochedwa failover cluster, ndiko kumanga maseva awiri kapena ambiri kuti akhale gulu limodzi lothandizana. Pa makina a Microsoft gulu limodzi lingafike maseva 64.

Inu a m'cigwa ca Luangwa mudziwa mmene alonda a minda amaitanizana usiku pa nthawi ya njobvu, kuti ali yense adziwe kuti mnzace ali maso. Maseva a m'gulu acita cimodzimodzi. Pa sekondi iri yonse atumizirana kacizindikiro konena kuti "ndiri moyo". Seva imodzi ikakhala cete kwa masekondi owerengeka, inzace idziwa kuti yafa, ndipo iyatsa zigawo zace zonse pa maseva otsala popanda kudikira munthu. Kuti izi zitheke, zolembedwa zonse siziikidwa m'mimba mwa seva iri yonse, koma m'nkhokwe imodzi imene maseva onse aifikira. Seva ingapse, koma dzina lanu liri m'nkhokwe. Nchito iima kwa mphindi zocepa pamene zigawozo ziri kudzuka, ndipo cimene cinali cisanalowe m'nkhokwe pa nthawi ya ngoziyo cingafunike kucitidwanso.

Pali bvuto lina limene akatswiri aliopa koposa imfa ya seva. Tiyerekeze kuti maseva onse awiri ali moyo, koma waya wa pakati pao waduka. Iri yonse iganiza kuti inzace yafa, ndipo zonse ziwiri ziyamba kulemba m'nkhokwe imodzi. Zikhala ngati anyakwawa awiri amene mtsinje wodzaza wawalekanitsa m'dzinja, ndipo ali yense wagawira munthu wace munda umodzimodziwo. Cotulukapo cace ndi mlandu. Pofuna kupewa zimenezi, seva iri yonse ipatsidwa voti, ndipo mbali yokhayo imene iri ndi mavoti oposa theka ndiyo iloledwa kupitiriza nchito. Mbali inayo iima yokha. Ngati maseva ali awiri kapena anai, aonjezapo mboni imodzi, kaya kagawo ka nkhokwe kapena kompyuta ina ya pambali, kuti mavoti asafanane.

Nzeru yacitatu ndi live migration, ndiko kusamutsa cigawo ciri pa nchito osacizimitsa. Amene munanyamulapo wodwala pa macila kupita naye ku cipatala mudziwa kuti wonyamula akatopa, mnzace alowetsa phewa pansi pa mtengo asanacoke woyambayo, ndipo wodwala saikidwa pansi. Makina acita motero. Akatswiri akafuna kukonza seva kapena kuikamo zida zatsopano, alamula kuti zigawo zace zisamuke. Zonse zimene cigawo ciri kukumbukira pa nthawiyo zikopedwa pang'ono pang'ono kupita ku seva ina, nchito iri mkati. Zimene zasintha pamene anali kukopa azikopanso, kufikira zitatsala zocepa kwambiri. Pamenepo cigawo ciima kwa kanthawi kosafika sekondi imodzi, ndipo cipitiriza pa seva yatsopano. Namwino amene ali kulemba za wodwala sadziwa n'komwe kuti kanthu kacitika. VMware inayamba kugulitsa nzeru imeneyi mu 2003, ndipo Microsoft inatsatira mu 2009. Tisasokoneze ziwirizi: kusamutsa kumeneku ndi kwa tsiku limene akatswiri akonzekera, pamene failover ndi ya tsiku la ngozi.

Kumanga gulu lotere kufuna mwambo. Maseva ayenera kukhala a mtundu wofanana, pakuti cigawo sicingasamuke ciri pa nchito kucoka pa makina a Intel kupita pa makina a AMD. Seva iri yonse isadzazidwe mpaka pakamwa, koma isiyiridwe malo olandirira katundu wa inzace ikafa. Mawaya akhale awiri awiri, oyenda njira zosiyana. Pakhale mabatire ndi injini za dizilo zoyaka zokha magetsi akazima. Tonse tikumbuka cilala ca 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 February caka cimeneco. Madzi anacepa ku Kariba, ndipo pofika September magetsi anali kuzima maola 17 kapena kuposa pa tsiku. Gulu la maseva lopanda magetsi ace apadera likadafa lonse pamodzi. Ndiponso zolembedwa zonse ziyenera kukopedwa ndi kusungidwa m'mzinda wina wakutali, cifukwa moto kapena cigumula sicisankha seva. Potsiriza, akatswiri anzeru azimitsa dala seva imodzi nthawi ndi nthawi kuti aone ngati inzace idzanyamuladi katunduyo. Gulu losayesedwa ndi lonjezo cabe.

Tsono tibwerere kwa agogo athu a pa msika. Pamene makina amangidwa m'njira imeneyi, kufa kwa seva imodzi sikufafaniza dzina lanu kapena ndalama zanu. Kawirikawiri cimene cagwa si seva ya ku Lusaka, koma njira ya pakati: mlongoti wa mafoni umene wasowa magetsi, waya woduka, kapena foni ya wogulitsayo. Zikatero ndalama ziri pomwe zinali, ndipo mudzazipeza njira ikatseguka.

Koma pali cinthu cimodzi cimene nzeru zitatu zonsezi sizingakonze. Ngati dzina lanu linalembedwa molakwa, kapena nambala ya citupa canu inasokonezeka polemba, makina adzasunga colakwaco mokhulupirika ndi kucisamutsa kucoka pa seva kupita pa seva. Apa nchito ndi yanu. Pitani kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu mvula isanayambe, muone ngati dzina, nambala ya citupa ndi nambala ya foni ziri bwino m'kaundula. Sungani lisiti la ndalama zimene mwapereka, ndipo musafafanize uthenga wa pa foni wotsimikiza malipiro. Ngati makina aima muli pakati potumiza ndalama, musatumizenso msanga. Yambani mwaona ndalama zotsala, kuopa kulipira kawiri. Ndipo nambala yanu yacinsinsi musauze munthu, ngakhale wonena kuti afuna kukuthandizani cifukwa sisitemu yagwa.

Agogo aja ndinawapezanso m'mawa mwace pa malo omwewo, ali kuwerenga ndalama zao zonse zathunthu. Anati afuna kugula mbewu ya mpunga nthawi idakalipo. Inunso abale, konzani za maina anu lero, pakuti mvula siyembekeza munthu. Tidzakumananso pa tsamba lino sabata la mawa.