Kukonza maunduna kuonekere kwa Nsanama

Mu February 2015 boma lidakhazikitsa ndondomeko yokonza kagwiridwe ka ntchito m'maunduna, motsogozedwa ndi malemu Saulos Chilima, yemwe adali wachiwiri kwa pulezidenti, ndipo nduna zidasayina mapangano a zomwe zidzachite. Mu 2021, K6.2 biliyoni ya Covid-19 itasokonekera, pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera adatumanso a Chilima kuti aunike za maalawansi, kagulidwe ka katundu wa boma ndi makontilakiti a ogwira ntchito. Lipoti lidaperekedwa mu May chaka chomwecho, koma boma silidalitulutse poyera.

Ife tikuti ntchito yonseyi iyesedwe ndi zomwe munthu wa kwa Nsanama ku Machinga akuona. Iye sadziwa kuti mlembi wamkulu wa unduna ndani. Boma lomwe amalidziwa ndi mlangizi wa zaulimi, wazaumoyo woyenda m'midzi ndi mphunzitsi wa mwana wake. Mlangizi akasowa mafuta a njinga yamoto, fetereza wotsika mtengo akafika chimanga chitayamba kale kufiira, kwa mlimiyo unduna walephera, ngakhale ku Capital Hill misonkhano itachitika yochuluka bwanji.

Gwero la vutoli ndi lodziwika. Lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu zidabwera mu 1998, koma maunduna adapereka ntchito kumakhonsolo n'kukakamira thumba. Ndalama zambiri za chitukuko zikadali ku Lilongwe, ndipo zochepa zomwe zimapita kukhonsolo zimafika mochedwa. Tisaiwalenso kuti kuchokera mu 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, zomwe zidazoloweretsa akuluakulu a kulikulu kugamula okha zinthu za kumudzi. Makomiti a chitukuko a m'dera amakhala pansi, n'kulemba kuti pakufunika mjigo kapena mlatho, koma pepalalo limathera m'kabati ya kuboma chifukwa wosunga ndalama ali kutali.

Tikudziwa kuti nawo makhonsolo si oyera. Malipoti a mkulu wofufuza ndalama za boma akhala akuwatchula. Koma ndalama ikasowa ku Machinga, mafumu ndi anthu atha kupita kukamufunsa bwanamkubwa maso ndi maso, chinthu chomwe sangachite ndi mlembi wamkulu.

Choncho boma litulutse lipoti la 2021 kuti Amalawi aliwerenge. Unduna uliwonse ulengeze ndalama zomwe watumiza ku khonsolo ya Machinga ndi tsiku lomwe zidapita, ndipo khonsolo imate chikalata cha ndalamazo pa ofesi ya zaulimi ya kwa Nsanama, m'Chichewa ndi m'Chiyao.