Nsima ya ambuya si imene yakunenepetsa

Pa Khirisimasi yapitayi msuweni wanga anabwera kumudzi kwathu, m'dera la Mfumu Mlolo ku Chadiza, atanyamula chikwama cha zovala ndi chigubu chakuda cha ufa wa puloteni. Amagwira nchito ya mu ofesi ku Lusaka, ndipo panali patatha miyezi iwiri chiyambire kupita ku jimu. Madzulo ambuya anapha nkhuku, natibweretsera nsima ya mgaiwa, chiwawa chotendera ndi nyemba. Tonse tinasamba m'manja. Iye anatola mnofu wa nkhuku chabe, nsima n'kuikankhira pambali.

"Pepani ambuya, a kochi anandiletsa nsima."

Ambuya anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe mdzukulu wanga, ukudwala? Usandibisire. Ngati ndi matenda aja, masiku ano mankhwala aliko kuchipatala."

Ife tinaseka, koma ambuya sanaseke. Usiku umenewo anagona ndi nkhawa, ndipo msuweni wanga anagona ndi njala. Ine ndakhala ndikuganizira nkhaniyi, ndipo maganizo anga ndi awa: mnyamatayu sanalakwe pofuna kuchepetsa thupi, koma amene anamuuza kuti mdani wake ndi nsima anamusocheretsa, ndipo akusocheretsanso achinyamata ambiri ku Chipata ndi ku Lusaka.

Tiyambe ndi pamene iye akunena zoona. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2017 mothandizana ndi bungwe la WHO anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anayi alionse mu Zambia ndi wonenepa kupitirira muyeso, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu ali ndi BP yokwera. Matenda a shuga ndi sitiroko, amene kale tinkati ndi a mabwana okalamba, lero akugwira anthu a zaka za m'ma 30. Munthu amene amadzuka, kukwera minibasi, kukhala pampando maola asanu ndi atatu, kukweranso minibasi, kenako kugona ndi foni m'manja, sangadye ngati mlimi popanda thupi kumulipiritsa. Choncho ukaona mnzako wayamba kuthamanga m'mawa, usamuseke.

Koma ambuya nawonso ali ndi chifukwa. Iwo anaika m'manda ana a m'mudzi m'zaka za m'ma 1990, ma ARV asanafike, ndipo onse ankayamba ndi kuonda. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 February, chinasiya nkhokwe zambiri zili mbee. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anasonyeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu mu Zambia ndi opinimbira chifukwa chosowa zakudya zoyenera. Kumudzi kuonda ndi chizindikiro cha tsoka. Ukakana nsima pamaso pa munthu amene anaigwirira khasu miyezi isanu, wakana zambiri kuposa chakudya. Ndiye ngati tikufuna kukhala ndi matupi olimba, tiyenera kupeza njira imene siitichititsa kukhala alendo pa mphasa ya kwathu.

Njira imeneyo iliko, ndipo imayamba ndi masamu a kusukulu ya pulayimale.

Kalori ndi muyeso wa mphamvu imene ili m'chakudya. Mkazi wamkulu amafunika makalori pafupifupi 2,000 patsiku, mwamuna pafupifupi 2,500, kutengera msinkhu ndi nchito imene amagwira. Ukamadya oposa amene thupi likugwiritsa nchito, otsalawo amasanduka mafuta. Ukamadya ochepera, thupi limatapa m'nkhokwe yake. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ili ndi makalori pafupifupi 7,700, kutanthauza kuti ukachepetsa 500 patsiku, umatsika pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata. Amene akukulonjeza kutsika makilogalamu 10 m'masabata awiri akufuna ndalama zako.

Tsopano tione mbale yathu. Ufa wa chimanga wolemera magalamu 100 uli ndi makalori pafupifupi 360. Mtanda umodzi wa nsima waukulu ngati nkhonya umakhala ndi makalori pakati pa 200 ndi 300, malinga ndi kulimba kwake. Mitanda itatu masana ndi itatu usiku, wafika kale cha m'ma 1,500 usanawerenge ndiwo. Apa m'pamene a kochi aja anaona vuto, ndipo vutolo ndi lenileni. Koma mankhwala ake ndi kuchotsa mtanda umodzi n'kuwonjezera chiwawa, bonongwe, lepu kapena therere. Mbale imakhalabe yodzaza, mimba imakhuta, ndipo palibe amene wakhumudwa. Ngati ungasankhe, tenga mgaiwa kapena rola m'malo mwa bulekifasi, chifukwa gaga amene amatsalamo amachedwetsa njala.

Zimene zinanenepetsa msuweni wanga zinali zina, ndipo atakhala pansi n'kuwerenga anavomera yekha. Botolo la chakumwa chotsekemera la 500 ml kawirikawiri limakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 50, ngati timasupuni 12, ndi makalori oposa 200. WHO imati shuga wotere asapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku lonse kwa munthu wamkulu. Botolo limodzi lamaliza kale gawo lako, tiyi wa m'mawa usanamuwerenge. Supuni imodzi yaikulu ya saladi ili ndi makalori 120, ndipo tonse tikudziwa mmene timathirira saladi m'ndiwo kuti tioneke kuti zinthu zili bwino panyumba. Botolo la mowa wa lagala lili ndi pafupifupi 150. Asanu ndi limodzi Loweruka usiku ndi 900, kuphatikiza michopo ndi tchipisi zapanjira pobwerera. Onjezerapo vitumbuwa vitatu pa teni koloko. Zonsezi sizikhutitsa, n'chifukwa chake sitimaziwerenga. Nsima imaoneka pa mbale, ndiye mlandu umagwera iyo.

Ena amati, "Ine ndimadya chilichonse, ndikaotcha ku jimu." Masamu amakana. Munthu wa makilogalamu 70 akathamanga makilomita 5 amaotcha makalori pafupifupi 350. Botolo limodzi la chakumwa ndi vitumbuwa viwiri vabweza zonse m'mphindi zisanu. Mu 2012 wasayansi Herman Pontzer ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pakati pa Ahadza a ku Tanzania, anthu amene amayenda mitunda italiitali tsiku lililonse posaka nyama ndi kukumba mizu. Poyerekeza ndi kukula kwa matupi awo, makalori amene amaotcha patsiku anali ofanana ndi a anthu a ku America ndi ku Ulaya. Thupi limadziwa kusunga mphamvu kwina ukaiwononga kwina. Masewera olimbitsa thupi amalimbitsa mtima, minofu ndi mafupa, amatsitsa BP ndi shuga, amathandiza tulo. Koma kukula kwa mimba kumalamulidwa kwambiri ndi zimene zikulowa pakamwa.

Nanga chigubu chakuda chija? Amene akunyamula zitsulo kuti amange minofu amafunikadi puloteni yambiri, pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Kwa munthu wa makilogalamu 70, ndiwo magalamu ngati 110. Kapu kakang'ono ka ufa wa m'chigubu kamapatsa pafupifupi 24. Tsopano tamvera izi. Pa magalamu 100 alionse, nshawa zili ndi puloteni pafupifupi 25, nyemba zouma zoposa 20, soya wouma woposa 35, ma soya pisi ouma pafupifupi 50, kapenta wouma woposa 50. Dzira limodzi lili ndi 6. Mbewa ndi mphalabungu zimene ena mumachita nazo manyazi mukafika mu tauni ndi nyama yeniyeni.

Chimene chimandipweteka ndi ichi. Chigawo cha Kum'mawa ndicho chimatsogola pa ulimi wa nshawa m'dziko muno, ndipo soya amalimidwa kwambiri ku Chadiza konko. Ikafika nthawi yokolola, amalume athu amagulitsa kwa ogula oyendayenda okhala ndi sikelo m'mbali mwa msewu, pa mtengo umene wogulayo wanena. Mwana wa mlimi yemweyo, ali ku Lusaka, amatenga ndalama yokwana matumba awiri kapena atatu a ufa n'kugula puloteni yochokera kunja. Bungwe la COMACO ku Chipata limagula nshawa ndi soya kwa alimi a kwathu n'kupanga chiponde ndi phala la It's Wild! zimene zili m'masitolo, umboni woti chakudya cha kwathu sichichepa. Ufa wa m'chigubu si poizoni, ndipo amene ali ndi ndalama agule. Koma wophunzira wa pa koleji asadzione ngati sangalimbe thupi chifukwa alibe. Zofunika kusamala ndi ziwiri: nshawa zili ndi makalori ambiri, pafupifupi 570 pa magalamu 100, choncho dzanja limodzi lakwana, ndipo za chuku uzitaya, chifukwa poizoni wake amawononga chiwindi.

Pali anzathu ena amene akamva zonsezi amati, "Basi, jimu ndi ya anthu aulesi, pitani mukalime." Ndi zoona kuti mtsikana amene amasenza chigubu cha malita 20 kuchokera kuchitsime wanyamula makilogalamu 20, ndipo mnyamata amene amakweza matumba a makilogalamu 50 pa ngolo kapena kupalasa njinga ya makala kupita pa Boma ali ndi mphamvu zimene ambiri a ku jimu alibe. Koma tisakometsere umphawi. Nchito ya khasu ndi kuwerama kumodzimodzi tsiku lonse, padzuwa, popanda kupuma kokwanira, nthawi zina m'mimba mulibe kanthu. Funsa amai ako za msana ndi mawondo. Kafukufuku wa anthu oposa 100,000 ku Denmark, wofalitsidwa mu 2021, anapeza kuti masewera ochita pa nthawi yopuma amachepetsa ngozi ya matenda a mtima, pamene nchito yolemetsa ya tsiku lonse siiteteza chimodzimodzi. Thupi limakula mphamvu pa nthawi yopuma pambuyo pa kulimbana. Mlimi alibe mwayi wopuma. Iwe uli nawo, uugwiritse nchito.

Muyeso wa WHO ndi wosavuta kukumbukira: mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za kuyenda mwandawala kapena kupalasa njinga, kapena mphindi 75 mpaka 150 za masewera amphamvu monga kuthamanga ndi bola, kuphatikiza masiku awiri olimbitsa minofu. Zonsezi zimatheka pa bwalo la sukulu, ndi chigubu cha madzi, nthambi ya mtengo wa mango yodzikwezerapo ndi chingwe chodumpha. Yamba ndi zochepa, uziwonjezera sabata ndi sabata. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kodi ndiye kuti kochi ndi wosafunika? Ayi. Esther Phiri ankagulitsa pa msika ku Mtendere asanakumane ndi malemu Anthony Mwamba, amene anamuphunzitsa nkhonya mpaka dziko lonse linamudziwa. Catherine Phiri anatenga lamba wa WBC ku Mexico mu 2016 ali m'manja mwa Mike Zulu. Kochi wabwino amaona zimene iwe sungaone: msana wopindika ponyamula, bondo lolowa m'kati, tsiku limene uyenera kupuma. Vuto ndi loti masiku ano aliyense amene ali ndi chifuwa chachikulu ndi akaunti ya TikTok akudzitcha kochi.

Usanapereke ndalama zako, ona zimene akufunsa. Wabwino amafuna kudziwa ngati uli ndi BP, shuga, mphumu kapena bala lakale, ndipo ngati pali chokayikitsa amakutumiza kukapimitsa ku kiliniki. Amafunsa zimene mumaphika kunyumba ndi ndalama zimene uli nazo, n'kukonza ndondomeko kuchokera pamenepo. Amene akukupatsa pepala lolembedwa zakudya za ku America zimene ngakhale iye sadya, amene akugulitsa tiyi wochepetsa mimba kapena jekeseni wokulitsa minofu, amene akusangalala ukasanza pa tsiku loyamba, muthawe. Kukakamiza thupi losazolowera kupitirira muyeso kumatha kuphwanya minofu mpaka zotuluka m'minofumo zikawononga impso. Chizindikiro chake ndi ululu waukulu, kutupa, ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ukaona zimenezo pita kuchipatala tsiku lomwelo, usadikire kuti a kochi ayankhe pa WhatsApp.

Tsiku lachitatu la tchuthi, msuweni wanga anadzuka m'mamawa, nathamanga mpaka kudambo ndi kubwerera, ana a m'mudzi akumutsata pambuyo ndi phokoso. Kenako anathandiza kutunga madzi, zigubu ziwiri, dzanja lililonse chimodzi. Masana anakhala pa mphasa, natenga mtanda umodzi ndi theka, nadzazitsa mbale ndi chiwawa ndi nyemba. Botolo la chakumwa limene anamugulira pa kantini anapatsa ana kuti agawane, iye namwa madzi.

Ambuya anaona theka la mtanda lotsala, napukusa mutu. "Udye pang'ono choncho, mwamuna wamkulu?"

"Ambuya, ine sindilima. Ndikadya ngati amalume, mudzandinyamula pa ngolo."

Apa ambuya anaseka. Pobwerera ku Lusaka anamumangira nshawa ndi nyemba m'kathumba ka ufa, ndipo anamuuza kuti akapatseko a kochi akewo, mwina nawonso ali ndi njala.