Mwana wanu akugona chokhala, inu mukumuuza kuti amwe soda

Sabata yatha amayi ena adandilembera ku inbox. Dzina sinditchula, ndipo andilola kuti nkhaniyi ndiibweretse pano. Mwana wawo wamkazi amagwira ntchito yosamalira okalamba ku UK. Zaka ziwiri zapitazo adakwera ndege kupita ku Turkey kukachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi. Thupi lidatsikadi, zithunzi zidazungulira pa WhatsApp ya banja, aliyense nkumayamikira. Lero mwanayo amagona chokhala pa mpando. Akangodziwongola pabedi, madzi owawasa amakwera mpaka kukhosi, amadzidzimuka akutsokomola ngati wotsamwa, m'mawa mawu ali osasa. Madokotala a kumeneko amuuza kuti pangafunike opaleshoni yachiwiri. Funso la amayiwo linali lakuti: "Anesi, ndimuletse bwanji kuti asang'ambidwenso? Si chilungulira chabe chimenechi? Ine ndamuuza kuti azimwa soda."

Amayi anga, ndikuyankhani pagulu chifukwa si inu nokha. Ambiri muli ndi ana ku Joni ndi ku Mangalande, ndipo malangizo a pa foni amene mumapereka ana amawamvera kuposa a dokotala. Ndiye ndinene mosapsatira: musamuletse mwanayo kukaonana ndi madokotala, ndipo sodayo musiyeni agwire ntchito yake ya m'therere.

Tiyambe ndi chimene adachitidwa. Opaleshoni imeneyi amaitchula kuti sleeve. Dokotala amadula chifu chotsika nkuchotsa pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse. Chotsala chimakhala kathumba kowonda, kooneka ngati nthochi. Mbali yochotsedwayo imatayidwa, sibwezeretsedwanso. Munthu amakhuta msanga, njala imachepa, thupi limatsika, ndipo kwa ambiri shuga ndi BP zimakhala bwino. Apa palibe bodza. Opaleshoniyi yathandiza anthu ochuluka, ndipo ine sindikuinyoza.

Koma pamene m'mero umakumana ndi chifu pali mnofu wogwira ntchito ngati chitseko. Chakudya chikadutsa umatseka kuti asidi wa m'chifu asabwerere m'mwamba. Chifu chathunthu chimatamuka, chimalandira chakudya ngati thumba la ufa. Kathumba kowonda kaja sikatamuka chimodzimodzi. Mukaikamo chakudya, mkatimo mumathina, ndipo zimene zilimo zimafuna potulukira. Ngati chitseko chija chafooka, kapena kamutu ka chifu kakwera kulowa m'chifuwa, kapena kathumbako kapindika penapake, asidi amapita m'mwamba. Vuto lili pa kapangidwe ka njira ya chakudya. Sikuti mwana wanu ndi wadyera, sikuti walodzedwa ndi anansi ochita nsanje ndi mapaundi ake, ndipo si chilango chifukwa chokana thupi limene adabadwa nalo.

Si nkhani yachilendonso. Ku Switzerland madokotala adatsata anthu 217 kwa zaka zisanu, ena ochitidwa sleeve, ena ochitidwa opaleshoni ina yotchedwa bypass, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2018. Mwa anthu a sleeve amene anali ndi chilungulira kale, pafupifupi 32 pa 100 alionse chilunguliracho chidakula. Mwa a bypass amene anali nacho kale, anali pafupifupi 6 pa 100. Kodi amene amaika zithunzi za "kale" ndi "lero" pa Facebook, pamodzi ndi mtengo wa ndege ndi hotela, amakuuzani zimenezi? Chithunzi cha munthu atavala diresi latsopano amachionetsa. Cha munthu yemweyo ali tsonga pa mpando 2 koloko usiku sindinachionepo.

Tsopano za soda. Ndikudziwa chifukwa chake mumamukhulupirira: mukamwa, moto uja umazima nthawi yomweyo, mumageya, mumamva bwino. Koma kugeyako ndi mpweya umene umapangika soda akakumana ndi asidi. Mpweya umenewo mukuuthira m'kathumba kamene kathina kale. Soda alinso ndi mchere wambiri wa mtundu umene umakweza BP, ndipo anthu ambiri onenepa amakhala nayo kale BP. Choipa kwambiri nchakuti amatontholetsa ululu kwa kanthawi pamene m'mero ukupitiriza kupsa. M'mero sunapangidwe kuti uzisambira asidi usiku ulionse. Umatupa, umachita zilonda, nthawi zina umachepa mpaka chakudya kumakakamira. Kwa ena khungu la mkati mwake limasintha, vuto limene madokotala amalitcha Barrett's oesophagus. Ambiri a vuto limeneli safika pa khansa, sindikufuna kukuopsezani, koma ena amafika, ndipo palibe amene angalione ndi maso kapena kulimva ndi dzanja. Limaoneka pokhapokha atalowetsa kachubu ka kamera kukhosi, kuyeza kotchedwa endoscopy.

Mundimve bwino. Sindikunena kuti aliyense wa chilungulira athamangire mpeni. Dokotala wabwino sayambira pamenepo. Amayamba ndi mankhwala monga omeprazole, omwedwa bwino, mphindi 30 munthu asanadye m'mawa, osati pomwe moto wayamba kale. Amauza munthu kuti azidya pang'onopang'ono, asagone pasanathe maola atatu atadya, akweze miyendo ya kumutu kwa bedi ndi njerwa, asiye fodya ndi mowa. Ambiri amathandizika motero. Koma mwana wa amayi aja wamwa mankhwalawa kwa chaka, ndipo akugonabe pa mpando. Mapiritsi amachepetsa ukali wa asidi, sakonza chitseko. Munthu wotere akapimidwa, ngati apeza kuti m'mero wapsa kapena wayamba kusintha, opaleshoni yachiwiri imakhala chithandizo chenicheni, osati kufuna kuonda kowonjezera monga ena akumunenera.

Nthawi zambiri chimene amachita ndi kusandutsa sleeve kukhala bypass, dzina lake lonse Roux-en-Y. Amadula kamutu ka chifu nkupanga kathumba kakang'ono ngati dzira, nkukalumikiza mwachindunji ku matumbo aang'ono. Mbali yaikulu yopanga asidi imatsala payokha, ndipo asidi ndi ndulu zimakakumana ndi chakudya kumunsi, kutali ndi m'mero. Ngati chifu chidakwera m'chifuwa, amachitsitsa nkusoka mpata umene chidadutsira. Kwa anthu ambiri chilungulira chimatha kapena kuchepa kwambiri.

Mantha anu ndikuwamva, amayi, ndipo si opanda pake. Opaleshoni yachiwiri ndi yovuta kuposa yoyamba, chifukwa dokotala amagwira ntchito pa zipsera. Msoko ukhoza kudontha, magazi akhoza kutayika. Pambuyo pake munthu amamwa mavitamini moyo wake wonse, makamaka B12, ayironi ndi kashiamu, apo ayi magazi amachepa ndipo mafupa amafooka. Brufen, diclofenac ndi aspirin samwa popanda chilolezo cha dokotala, chifukwa zimabowola zilonda pa msoko paja. Ngati akufuna mwana, amadikira miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pakati, ndiye nkhani ya zidzukulu muyambe mwaiika pambali. Zonsezi ndi zifukwa zoti asankhe bwino dokotala, amene adzamuonanso chaka chamawa ndi chinacho, osati wa ulendo wa masiku asanu. Si zifukwa zoti akhale kunyumba ndi paketi ya soda.

Chimene chidandipweteka kwambiri m'uthenga uja ndi mawu akuti "adadzichita yekha, apirire." Akuti adanena ndi azakhali ake. Ndifunseko: pamene mwanayu anali wonenepa, adamusiya ndani? Pa ukwati mumati watha mpando, pa maliro mumati nsalu imodzi siimukwana. Ataonda mwadzidzidzi mudayamba kunong'onezana kuti kapena watenga kachilombo. Tsopano akudwala mukuti apirire. Nchifukwa chake ana ambiri amabisa kuti adachitidwa opaleshoni, ena amabisira ngakhale dokotala, nkumamwa mankhwala ogula okha mpaka zinthu zitafika poipa. Munthu amene wathyoka mwendo pa njinga sitimuuza kuti udakwera wekha, pirira. Timamutengera ku chipatala.

Ndipatukeko pang'ono chifukwa cha inu amene simunaganizepo za opaleshoni iliyonse koma chilungulira chimakusautsani, ndipo soda ali pa shelefu. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Mtundu wofala kunowu si umene umayamba ndi asidi, koma chizindikiro chake nchimodzimodzi: nsima imayamba kukakamira pachifuwa, munthu amasamukira ku phala, kenako ndi madzi omwe amavuta. Nsima ikayamba kukakamira, thupi likamatsika popanda chifukwa, mukasanza magazi kapena chimbudzi chikada ngati makala, pitani ku chipatala sabata yomweyo mukapemphe kuti akutumizeni kokayezedwa. Endoscopy imachitika ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Kwa amayi oyembekezera chilungulira nchofala ndipo kawirikawiri chimatha mwana akabadwa, koma inunso soda ayi, funsani ku sikelo akupatseni mankhwala oyenera.

Tibwerere kwa amayi aja. Mukamuimbira mwanayo usiku uno, musayambe ndi "usalole." Mufunseni ngati adamuyeza kale ndi kamera ija, ndipo adapeza chiyani. Mufunseni ngati ali ndi mapepala a opaleshoni yoyamba a ku Turkey, chifukwa dokotala watsopano adzafuna kudziwa chimene chidadulidwa. Ngati alibe, awaitanitse tsopano. Mufunseni kuti dokotalayo wachitapo kangati opaleshoni yokonzanso ngati imeneyi, funso limene wodwala ali ndi ufulu wofunsa. Ndipo mufunseni kuti tsiku lotuluka m'chipatala adzamutenga ndani, adzamuphikira ndani phala lamadzimadzi m'masabata oyambawo, popeza inu muli kuno ndipo iye kumeneko amakhala m'chipinda yekha.