Cikomekome ca Mkuyu

Alipo anthu ena ophunzira amene amatamanda boma la Cikomyunizimu la Soviet Union, lomwe linagwa mu 1991, cifukwa ca kusamala kwace gule wochedwa ballet. Ameneyu ndi gule wa ku Ulaya, amene obvina ace amafotokoza nthano ndi thupi lokha, akazi ataima pa nsonga za zala za kumapazi. Otamandawo amati boma lija linakonda luso. Mau amenewa ayenera kutsutsidwa.

Kuti ndalama zinaperekedwa, palibe angakane. Ana aluso, ngakhale a amphawi, anaphunzitsidwa kwaulere, ndipo nyumba zazikuru za gule, Kirov ku Leningrad ndi Bolshoi ku Moscow, zinasungidwa ndi cuma ca boma. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Dzanja lopatsa cakudya ndilo linagwiranso cingwe.

Mu 1936 nyuzipepala ya cipani, Pravda, inadzudzula gule wina wa nyimbo za Shostakovich, wonena za alimi a m'minda yolima pamodzi, niti ngwabodza. Gule uja anacotsedwa, ndipo wokonza mabvinidwe ace, Fyodor Lopukhov, analandidwa udindo. Adrian Piotrovsky, amene anathandiza kulemba nthanoyo, anagwidwa naomberedwa mu 1937, m'masiku oopsa a Stalin. Maya Plisetskaya, mkazi wobvina mopambana, amene atate wace anaphedwa ndi boma mu 1938, anasiyidwa pamene anzace a Bolshoi anapita ku London mu 1956. Anamlola kunka ku America mu 1959.

Maulendo otere anali oonetsa maiko ena kuti Cikomyunizimu cibala zokoma, ndipo obvina anayenda ndi azondi pambuyo pao. Ngati analidi okondwa, anathawiranji? Rudolf Nureyev anapempha citetezo ku Paris mu 1961, ndipo kwao anamweruza iye palibe kuti akhale m'ndende zaka 7. Natalia Makarova anatsalira ku London mu 1970, Mikhail Baryshnikov ku Toronto mu 1974. Onsewa anasiya ulemu ndi abale ao. Mbalame siithawa mtengo umene ikhalamo mwaufulu.

Boma lothandiza aluso licita bwino. Koma wacinyamata wakumva matamando otere asafunse za ndalama zokha ai. Afunsenso ngati wolandirayo analoledwa kukana, kutsutsa, ndi kucoka. Popanda izi, mphatsoyo ndi nyambo.