MKAMWINI SAGULIDWA: MCHINJI ASALOWE MPIKISANO WOKOPA MAKAMPANI NDI MPHATSO

Pali maganizo amene akumera pakati pa anthu ena ophunzira, onena kuti boma kapena mzinda umene ukufuna kutukuka msanga uyenera kuchita chilichonse kuti ukope kampani imodzi yaikulu ya makompyuta ndi intaneti kudzamanga likulu lake kumeneko. Eni maganizowa amati kampani yotere ipatsidwe malo aulere, ikhululukidwe misonkho kwa zaka zambiri, ndiponso ilonjezedwe magetsi ndi madzi pamtengo wozizira, chifukwa ikapanda kulandira zimenezi idzapita kwina. Maganizo amenewa ndi olakwa, ndipo atsogoleri a chipani pamodzi ndi ogwira ntchito m'boma, makamaka a ku Mchinji kumene kuli khomo la dziko lino lakumadzulo, ayenera kuwazula asanazike mizu.

Mpikisano wotere udachitika kale poyera, ndipo zipatso zake zikudziwika. Mu September 2017 kampani ya Amazon, imene idakulira mumzinda wa Seattle ku America, idalengeza kuti ikufuna malo omangapo likulu lake lachiwiri. Idalonjeza ntchito 50,000 ndi chuma choposa madola 5 biliyoni, ndipo idauza mizinda kuti ilembe makalata ofotokoza zimene ingapereke. Makalata 238 adafika kuchokera ku America, Canada ndi Mexico. Dera la New Jersey lidalonjeza kukhululuka misonkho yokwana madola 7 biliyoni kuti likululo likhale ku Newark. Dera la Maryland lidatchula madola 8.5 biliyoni. Khonsolo ya tauni ya Stonecrest ku Georgia idavomera kudula maekala 345 a malo ake ndi kuwatcha dzina la kampaniyo. Akuluakulu a ku Tucson adatumiza chomera chaminga cha m'chipululu chotalika mapazi 21 ngati mphatso, koma kampaniyo idachikana. Atsogoleri osankhidwa ndi anthu adavina pamaso pa kampani ya munthu amene pa nthawiyo adali wolemera koposa onse pa dziko lapansi.

Mu November 2018 kampaniyo idasankha malo awiri: Arlington ku Virginia, kutsidya kwa mtsinje wa Potomac moyang'anana ndi Washington, ndi Long Island City mumzinda wa New York. Idapita kumene kudali kale anthu ophunzira bwino, mabwalo a ndege, njanji ndi maofesi a boma. Newark ndi Maryland, amene adalonjeza zochuluka, adabwerera chimanjamanja. Virginia idalonjeza kampaniyo ndalama zosafika madola 1 biliyoni, zoti zizilipidwa ntchito zikaoneka, ndipo mbali ina yaikulu ya lonjezo lake idali yokulitsa maphunziro a makompyuta m'sukulu zake zaukachenjede, chuma chimene chimatsala m'mitu ya ana a dziko ngakhale kampani itasamuka. Ku New York, kumene kudalonjezedwa pafupifupi madola 3 biliyoni, anthu ndi aphungu ena adafunsa chifukwa chimene wosauka ayenera kusonkhera wolemera. Mu February 2019 kampaniyo idangonyamuka. Mu March 2023 idaimitsa ntchito yomanga gawo lachiwiri la likulu lake ku Arlington komweko.

Ku Wisconsin zinthu zidaipa koposa. Mu 2017 kampani ya Foxconn ya ku Taiwan idalonjeza fakitale ya madola 10 biliyoni ndi ntchito 13,000, ndipo boma la deralo lidavomera kuipatsa pafupifupi madola 3 biliyoni. Makhonsolo adakongola ndalama zogulira malo ndi kukonzera misewu ndi mipopi ya madzi, ndipo mabanja a ku Mount Pleasant adasamutsidwa m'nyumba zawo. Pofika April 2021 pangano lidalembedwanso: ntchito zidatsika kufika pa 1,454, ndipo chuma cholonjezedwa chidatsika kufika pa madola 672 miliyoni. Nyumba zimene zidagumulidwa sizidabwerere. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Asaganize wina kuti zimenezi ndi za kwa Azungu kokha. Mu April 2021 kampani ya Twitter idalengeza kuti ofesi yake yoyamba mu Africa idzakhala ku Ghana, ndipo ambiri ku Nigeria adadandaula kuti mwayi wawadutsa. Mu November 2022, Elon Musk atangogula kampaniyo, pafupifupi onse ogwira ntchito ku Accra adachotsedwa. Kampani ya Microsoft idayambitsa malo a akatswiri ake ku Nairobi ndi ku Lagos mu 2019, koma mu 2024 idatseka a ku Lagos. Zigamulo zimenezi zidachitikira kutali, m'zipinda zimene mulibe nduna, phungu kapena mfumu ya ku Africa. Akale adanena kuti mlendo ndi mame.

Dziko la Malawi lidalawa kale kuwawa kwa mapangano ofewa, ngakhale kuti sadali a makompyuta. Mu 2007 boma lidagwirizana ndi kampani ya Paladin ya ku Australia za mgodi wa miyala ya yureniyamu ku Kayelekera m'boma la Karonga. Boma lidalandira magawo 15 pa 100 aliwonse a mgodiwo, koma msonkho wa miyala, umene lamulo lidauika pa 5 peresenti, udatsitsidwa kufika pa 1.5 peresenti m'zaka zitatu zoyamba ndi 3 peresenti pambuyo pake. Mgodi udatsegulidwa mu 2009 ndipo udaima mu 2014 mitengo itagwa, mpaka kampani ina idadzauyambitsanso mu 2025. Mu 2015 bungwe la ActionAid lidawerengera kuti dziko lino lidataya madola 43 miliyoni m'zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha misonkho yotsitsidwa ndi ndalama zodzeretsedwa ku Netherlands. Ngati kampani ya miyala, imene singanyamule phiri kupita nalo kwina, idatha kufinya boma motero, nanga kampani ya intaneti, imene chuma chake chimasamuka usiku umodzi kudzera m'nthambo, ingafinye bwanji khonsolo ya boma limodzi?

Otsutsa adzayankha kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kuti achinyamata a dziko lino akusowa ntchito. Zonsezi ndi zoona, ndipo palibe munthu wanzeru amene angakane kuti Malawi akufunika makampani akunja. Chimene chikukanidwa ndi kuwagula. Ofesi ya kampani ya makompyuta imalemba akatswiri, ndipo ikapanda kuwapeza pamalopo imawatenga kwina. Nyumba zosungiramo makompyuta akuluakulu zimadya magetsi ochuluka koma zikatha kumangidwa zimalemba anthu ochepa. Boma limene lapereka malo ndi misonkho lisanaphunzitse ana ake lidzaona anawo akulondera pachipata ndi kusesa pabwalo, pamene malipiro enieni akupita kwa obwera.

Otsutsa adzanenanso kuti Mchinji akapanda kupereka, Chipata adzatenga. Mawu amenewa ndiwo nyambo yeniyeni ya mpikisano wonsewu, ndipo mlimi aliyense wa mtedza amaidziwa. Wogula akafika pamsika wa Kamwendo kapena Mkanda napeza alimi akugulitsa aliyense payekha, amauza woyamba kuti mnzake wavomera kale mtengo wotsika, ndipo pomaliza onse amagulitsa motchipa. Alimi omwewo akalowa m'bungwe ndi kutchula mtengo umodzi, wogula amasowa polowera. Anthu a ku Mchinji ndi a ku Chipata ndi abale. Achewa a mbali zonse amakakumana ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Katete, ndipo Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni amakavina Nc'wala kwa Mpezeni. Abale otere akamatsitsirana mtengo pamaso pa mlendo, wopindula ndi mlendoyo. Ngakhale mayiko olemera adaiona ngozi imeneyi, ndipo mu 2021 mayiko oposa 130 adagwirizana kuti makampani akuluakulu asamalipire msonkho wochepera 15 peresenti.

Mpikisano wa m'kati mwa dziko ndi woipa koposa, chifukwa umadzutsa mzimu wosankhana zigawo. Ngati Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Mchinji ayamba kulimbirana kampani imodzi, aliyense akupempha Nduna ya Zachuma kuti itsitse misonkho kwa mlendo wake, thumba limene likubowoledwa ndi limodzi. Misonkho ya makampani imatoleredwa ndi bungwe la Malawi Revenue Authority ndipo imalowa m'thumba la dziko lonse. Kwacha imene yakhululukidwa ku Mchinji yachotsedwa ku mankhwala a chipatala cha Nsanje ndi ku madesiki a sukulu ya ku Chitipa. Palibe boma limodzi limene lili ndi ufulu wopatsa mlendo chuma cha Amalawi onse kuti dzina lake limveke pa wailesi.

Nkhani ya malo ndiyo iyenera kuwawa anthu a ku Mchinji koposa. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 malo ambiri a mafumu m'bomali ndi ku Kasungu adasanduka maesiteti a fodya. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 600,000 ku Mchinji, ndipo ambiri mwa iwo amadalira khasu. Msonkho wokhululukidwa ukhoza kubwezeretsedwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo, koma munda umene wadutsidwa ndi mpanda wa waya subwerera kwa mwini wake pa m'badwo umodzi. Mfumu imene yasaina pepala chifukwa cha lonjezo la ntchito zikwizikwi idzatsala ndi mbumba yake yopanda polima, kampani itasintha maganizo monga idachitira ku Wisconsin.

Njira yoona yokopera makampani idaoneka kale m'Chigawo cha Pakati chomwechi. Pamene boma la Dr H. Kamuzu Banda lidaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968, lidayala misewu, lidapatula Kanengo kukhala malo a mafakitale, ndipo Lilongwe adakhala likulu mu 1975. Njanji idafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980 ndi chithandizo cha dziko la Canada, ndipo bwalo lalikulu la ndege la ku Lumbadzi lidayamba kugwira ntchito mu 1983. Makampani adatsata misewu, njanji ndi maofesi. Komanso njanji ya ku Mchinji idadikira zaka 30 kuti ilumikizane ndi Chipata mu 2010. Phunziro lake ndi lakuti boma la m'malire limatukuka pamene mbali zonse ziwiri zagwirizana.

Mchinji ali ndi zake zoyambira. Ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku likulu, pa msewu waukulu wopita ku Lusaka. Njanji yake imalumikizana ndi yopita ku doko la Nacala. Mu December 2022 atsogoleri a mayiko awiri, Dr Lazarus Chakwera ndi Bambo Hakainde Hichilema, adatsegula chipata cha Mchinji ndi Mwami chimene apaulendo ndi katundu amaonedwa pamalo amodzi. Nthambo za intaneti zolumikiza dziko lino ndi Zambia zimadutsa m'boma lomweli. Chimene chikufunika kulimbitsidwa ndi magetsi ndi maphunziro. Mu January 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kufikira mu 2023. Palibe kampani ya makompyuta imene ingakhazikike pamalo pamene magetsi akhoza kuzima motero, ngakhale itapatsidwa phiri lonse la Mchinji kwaulere. Ndalama zimene ena akufuna kukhululuka ndizo zomwezo zofunika kumangira nyumba zopangira magetsi, zipinda za sayansi m'sukulu za sekondale ndi makoleji a ntchito zaluso.

Pa mwambo wa Achewa, mkamwini amabwera pamudzi, amamanga nyumba, amalima, ndipo ulemu wake umakula ndi ntchito ya manja ake. Amalozeredwa munda, koma mundawo umakhalabe wa mbumba. Palibe banja limene limakhuthula nkhokwe yake kuti ligule mkamwini, ndipo likatero mudzi wonse umadziwa kuti pakhomopo pali chilema chimene akubisa. Kampani yakunja ilandiridwe motero: mwaulemu, mwamsanga, popanda ziphuphu ndi popanda kuizunguza m'maofesi, koma pa lamulo limodzi lofanana kwa onse.

Tsono ntchito ya atsogoleri ndi yoonekeratu. Choyamba, Bwanamkubwa, makhansala ndi alembi a khonsolo asalonjeze mlendo aliyense malo kapena kuchotsera msonkho mseri; zokambirana zonse zidzere ku bungwe la Malawi Investment and Trade Centre ndi ku Unduna wa Zachuma, ndipo pangano liikidwe poyera kuti aphungu aliwerenge. Chachiwiri, chithandizo chilichonse chimene boma lingapereke chizibwera ntchito zitaoneka ndi kuwerengedwa, ndipo panganolo linene kuti malo adzabwerera kwa eni ake ngati lonjezo silikwaniritsidwa pa nthawi yake. Chachitatu, apampando a chipani m'nthambi ndi m'madera afotokozere anthu ndi mafumu kuti asasaine pepala limene sadalimvetse, ngakhale wobwera nalo atatsika m'galimoto yonyezimira bwanji. Chachinayi, akuluakulu a boma la Mchinji akhale pansi ndi anzawo a ku Chipata, amvane kuti sadzatsitsirana mtengo pamaso pa wina aliyense.

Fulumira adadya gaga. Boma limene lidzakonza magetsi ake, kusamala njanji ndi misewu yake, kuphunzitsa ana ake masamu ndi sayansi, ndi kusunga malo a anthu ake, silidzafunika kutumiza mphatso kwa munthu. Makampani adzabwera okha kudzapempha malo, ndipo pa tsikulo anthu a ku Mchinji ndiwo adzatchule mtengo.