Skopu isankhidwe ndi tchire lathu, osati kanema wa pafoni

M'Chitungwiza muno simusakidwa nyama. Kuyambira ku St Mary's, kudutsa Zengeza mpaka ku Seke ndi nyumba zokhazokha, ndipo mfuti ikalira usiku aliyense amaganiza za mbava. Komabe tawuni ino imatumiza ana ake kutchire. Ena amalakalaka ntchito yolondera nyama ku bungwe loona za nyama zakutchire la ZimParks, ena amateteza minda ya m'mafamu a ku Beatrice kwa nguluwe, ndipo ena akuphunzira ulenje wa layisensi pansi pa alenje akuluakulu. Pakati pawo pali adzukulu a makolo athu amene adachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Achinyamata amenewa akafika pogula skopu, galasi lija amamangirira pamwamba pa mfuti, amakumana ndi mitundu iwiri: first focal plane ndi second focal plane, mwachidule FFP ndi SFP. Makanema a pa YouTube, ambiri a ku America, amawauza kuti FFP ndiyo yamakono, inayo ndi ya madala. Ine ndikuti ayi. Kwa mlenje wamba wa m'Zimbabwe, SFP yosakuza kwambiri ndiyo yoyenera, ndipo chifukwa chake chili m'tchire momwemo.

Kusiyana kwake n'kosavuta. M'kati mwa skopu muli timizere topingasana ngati mtanda, tolozera pamene chipolopolo chikamenye. Mu FFP timizereto tili kutsogolo kwa magalasi okuza chithunzi, kotero ukapotokola mkombero wokuzira, nyama ndi timizere zimakula kapena kuchepa limodzi. Mu SFP tili kumbuyo, cha kudiso, ndipo nyama yokha ndiyo imakula, timizere timakhala chimodzimodzi. Phindu la FFP lili pa timadontho ta m'munsi mwa mtanda, timene munthu amalozera nato nyama ikakhala patali. Mpata wa pakati pa timadontho tiwiri, wotchedwa mil imodzi, umaphimba masentimita 10 pa mtunda wa mamita 100, masentimita 30 pa mamita 300, ndipo mu FFP muyeso umenewu susintha ngakhale upotokole bwanji. Mu SFP umakhala woona pamalo amodzi okha, kawirikawiri pokuza pothera. Skopu yokuza kuchokera pa 3 mpaka 9, ukaiika pa 4.5, kadontho kalikonse kamaphimba malo owirikiza kawiri, ndipo woiwala zimenezi chipolopolo chake chimadutsa pamwamba pa msana wa nyama. Vuto limeneli ndi lenileni. Koma pakati penipeni pa mtanda, mu skopu yabwino ya mtundu uliwonse, sipasuntha. Funso ndiye n'lakuti: mlenje wa kuno amafuna timadonthoto kangati?

Yankho lili ku chigwa cha Zambezi, ku Chewore ndi ku Dande, kumene ziyangoyango za jesse zimabisa njati yonse n'kungoonetsa khutu likugwedezeka kuthamangitsa ntchentche. Lili m'nkhalango za mitengo ya tsanya ku Save Valley ndi ku Bubye Valley. Kumalo otere njati imawomberedwa kawirikawiri pa mtunda wosafika mamita 100, ndipo njovu amaiyandikira kuposa pamenepo. Malamulo a nyama zakutchire a 1990 amafuna kuti wosaka njovu, njati kapena mvuu akhale ndi mfuti ya chipolopolo chosachepera mamilimita 9.2 ndi mphamvu yosachepera makilojoule 5.3, n'chifukwa chake .375 H&H, imene idatuluka ku London mu 1912, ikadali yotchuka m'misasa ya alenje. Mfuti yotere ntchito yake ndi yapafupi. Ngakhale .308 yosakira nswala, ngoma ndi njiri, ikakonzedwa kuti izimenya pa mtanda pa mamita 100, chipolopolo chake chimatsika ndi masentimita ongopitirira pang'ono 10 pa mamita 200. Mlenje amangokweza mtanda pang'ono paphewa, osawerenga madontho. Tsono mu chiyangoyango munthu amatsitsa skopu mpaka pansi kuti aone malo otakata, ndipo apa ndi pamene FFP yamakono imamutaya: timizere timachepa mpaka kufanana ndi ulusi wa kangaude, ndipo pa chikopa chakuda cha njati yoima pamthunzi dzuwa litapendeka, timasoweratu. SFP ya timizere tonenepa m'mbali, toonda pakati, ngati Duplex imene Leupold adatulutsa mu 1962, imakokera diso pakati nthawi yomweyo.

Okonda FFP ali ndi mfundo zitatu zoyenera kuzimva. Yoyamba, amati Zimbabwe si jesse yokhayokha. Kuli madambo ndi minda yotakata kumene nyama imakuona ukadali kutali. N'zoona, ndipo kwa wochita mpikisano wowombera zitsulo pa mamita 600 kapena 800, amene amasintha mtunda ndi kakuzidwe mphindi iliyonse, FFP ilibe inzake. Koma ameneyo ndi masewero, ndipo chitsulo sichithawa ndi bala. Wa SFP akafuna kuwombera patali, nthawi amakhala nayo yokweza skopu mpaka pothera, pamene madontho ake ali oona. Nyama ya pa mamita 300 simuthamangira munthu. Yachiwiri, amati FFP zambiri zili ndi kanyali kofiira pakati pa mtanda. Kamathandizadi, koma kamadalira batire, kamakweza mtengo, ndipo dzuwa la mu Okutobala kuchigwa limatha kukazimiritsa ngati skopuyo ndi yotchipa. Yachitatu ndiyo yanzeru kwambiri: amati makampani a ku Germany ndi Austria monga Zeiss, Schmidt & Bender, Swarovski ndi Kahles akhala akupanga FFP za alenje kuyambira kale. Izinso n'zoona. Koma zawozo zinali za timizere tonenepa, topangira munthu wodikirira nguluwe pa mwezi, osati gulu la timadontho ting'onoting'ono timene tikugulitsidwa lero. Azunguwo adapanga chida molingana ndi nkhalango zawo. Phunziro lake ndi lomwelo: chida chitsate tchire.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwenikweni si galasi ayi, koma mtima umene galasilo limadzala mwa mwini wake. Skopu yodzaza manambala imanyenga munthu kuti mamita 400 ndi pafupi. Timadontho timadziwa kutsika kwa chipolopolo, koma sitidziwa mphepo ya pakati pa dambo, sitidziwa kugunda kwa mtima wa munthu amene wayenda makilomita ambiri pa dzuwa, sitidziwanso kuti nyama iponda phazi limodzi chipolopolo chili m'njira. Zotsatira zake ndi bala la m'mimba kapena mwendo wothyoka. Lamulo la Parks and Wild Life Act la 1975 limakakamiza wovulaza nyama yoopsa kukanena, ndipo mwambo wa m'misasa ndi wakuti ukatulutsa magazi walipira nyama yonse, ipezeke isapezeke. Koma wolipira weniweni ndi mayi wa ku Mbire kapena ku Binga wopita kukatola nkhuni, amene amakumana ndi njati yolusa ndi ululu. Madera amenewa adalowa m'ndondomeko ya CAMPFIRE, imene idayamba mu 1989, polonjezedwa kuti nyama ziziwapindulira, osati kuti aziponyeredwa zilombo zovulala. Tikumbukirenso mkango Cecil wa ku Hwange mu Julaye 2015. Udalasidwa ndi muvi, osati mfuti, koma chimodzi mwa zimene zidakwiyitsa anthu ambiri kunja n'chakuti udavutika ndi bala maola ambiri usanamalizidwe, ndipo mbiri ya ulenje wa dziko lino idaipa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Luso la mlenje ndi kuzemba, kuwerenga mphepo ndi phulusa, kuyandikira mpaka kuphonya kukhale kovuta.

Nkhani ya ndalama nayo ikugwirizana ndi mfundo yomweyi. Wachinyamata wa ku Zengeza amene wasonkha madola movutikira sangagule zonse. Kawirikawiri FFP imadula kuposa SFP ya ubwino wofanana, ndiye pa ndalama imodzimodzi wosankha SFP amapeza magalasi owala bwino m'bandakucha ndi madzulo, nthawi imene nyama zimayenda. Chotsala chipite ku zomangira zolimba, poti .375 imagwedeza skopu yomangidwa mwachinyengo mpaka mtanda kusochera. Aonenso kuti pakati pa diso ndi galasi pali mpata wa masentimita 9 kapena 10. Mfuti yaikulu ikabwerera m'mbuyo, mkombero wa skopu umatema pamwamba pa diso ngati mpatawo uli wochepa. Koposa zonse, ndalama ipite ku zipolopolo zoyeserera. Mayeso a ulenje wa layisensi m'Zimbabwe, amene ZimParks imayendetsa mogwirizana ndi bungwe la alenje ndi operekeza alendo, amadziwika mu Africa muno kuti ndi okhwima, ndipo pa kuwombera amayang'ana liwiro ndi kulunjika pa mtunda waufupi. Si zachilendo kuona mlenje wodziwa akulondola njati yovulala ndi mfuti yopanda skopu n'komwe. Ameneyo sadatsalire, wadziwa kuti pa mamita 15 chofunika ndi kuona nyama yonse ndi maso awiri.

Choncho, iwe mphwanga amene ukufuna kulowa ntchito imeneyi, yamba wakonza satifiketi ya mfuti kupolisi monga limanenera lamulo la Firearms Act, ndipo usasake popanda chilolezo. Ukafika pa skopu, dzifunse kumene ukagwire ntchito ndi mtunda umene ungawombere mosakayika. Ngati cholinga chako ndi mpikisano wa patali, gula FFP ndipo uphunzire masamu ake bwinobwino. Ngati ndi njati, ngoma kapena nguluwe za m'munda, tenga SFP yoyambira pa 1.5 kapena 2, ya timizere tooneka, uiyese pa mamita 100 mpaka uidziwe, ndipo nyama ikatalika kuposa luso lako, isiye ipite.